Munga Umene Unabaya Chanuk

Nuxi anali pakhonde akupukuta nsapato zake za kusukulu pamene anamva mlongo wake akulira kuseri kwa nyumba. Sikunali kulira kwa masiku onse kofuna kunyamulidwa. Anaponya nsapato pansi n'kuthamanga, ndipo asanakhote pangodya mtima wake unali utadziwa kale malo ake: pansi pa mtengo wa mandimu, pafupi ndi khola la nkhuku.

Chanuk, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, anali atakhala pa udzu atagwira phazi lakumanzere ndi manja onse awiri. Magazi ankadutsa pakati pa zala zake n'kumadontha pa diresi. Mwanapiye amene ankamuthamangitsa anali chapatali akujompha zake.

"Achimwene, chandiluma," anatero akusisima.

Nuxi anamunyamula. Potembenuka anaona kanthu kobiriwira kakung'anima mu udzu, ndipo msangamsanga anakankhirapo dothi ndi phazi. Mayi awo, a Koj, anatuluka m'khitchini manja ali mbuu ndi ufa wa chimanga.

"Waponda chiyani mwanayu?"

"Munga," anayankha Nuxi. "Ndauzula, ndautaya."

Bodzalo linatuluka losalala bwino, ngati kuti anagona akuliyeseza. Mayi ake sanafunsenso. Anatsuka balalo ndi madzi ofunda a mchere, nalimanga ndi kansalu koyera. Linali bala laling'ono, pansi pa chala chomaliza, ndipo pofika masana Chanuk anali atayambanso kuseka. Limeneli linali Lamulungu.

Bambo a ana awiriwa, a Bor, ndi amene amapanga mivi yabwino kuposa wina aliyense kwathu kuno m'mudzi wa Naha. Amatenga mwala wa tok, mwala wotuwa wolimba umene amakautola kumtsinje wina wakutali, n'kuimikapo nsonga ya nyanga ya gwape, n'kumenya nyangayo ndi mwala wina. Pamenepo pamabenthuka chidutswa chotalika ngati chala, chakuthwa kuposa lezala. Amachisema m'mbali mpaka chisanduke mutu wa muvi, n'kuchimangirira ndi ulusi wopaka phula pa kamtengo kolimba, kamtengoko n'kukalowetsa m'bango. Mivi yambiri amakagulitsa kwa alendo odzaona mabwinja kutauni ya Palenque, koma ina imatsala pakhomo kudikira nguluwe zimene zimavuta kumunda.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi limene ngakhale mlesi weniweni saliphwanya. Munthu sabenthula mwala osayala nsalu pansi. Tizibenthu tonse timagwera pansalupo, ndipo akamaliza amaipinda ngodya zinayi n'kupita nayo kunkhalango, kukakhuthulira mu mphako ya m'bawa wakale kumene sikufika mwana kapena galu. Chifukwa chake n'chosavuta: ana athu amayenda opanda nsapato, ndipo akuluakulu ambiri nawonso nsapato amazikumbuka akamapita kutauni.

Kwa zaka ziwiri ntchito ya Nuxi inali yowongola bango pa makala, kupaka ulusi phula, ndi kunyamula nsalu ija kupita nayo ku m'bawa. Nyanga ya gwape sankaloledwa kuigwira. Akadandaula, bambo ake ankangoti, "Ukadziwa kutaya, udzaphunzira kubenthula." Mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi mawu oterewa samulowa. Iye ankaona kuti ntchito yonseyo anaidziwa kale ndi maso, poiwala kuti Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Zinthu zinafika povuta pamene aphunzitsi analengeza kuti Lachisanu lotsatira kudzakhala chikondwerero cha ntchito za makolo, ndipo anyamata adzalasa thunthu la nthochi ndi mivi yopanga okha. Potuluka m'kalasi, Kayum, mnzake wokhala naye desiki imodzi, anamugunda ndi chigongono.

"Aise, iwe ubweretsa chiyani Lachisanu? Nsalu ija?"

"Ndibweretsa mivi ngati aliyense."

"Ya bambo ako? Akuti yopanga wekha, wamva bwino koma? Tangoganizani anthu inu, mwana wa a Bor, katswiri wa mudzi wonse, digiri yake ndi yotaya zinyalala."

"Ndimabenthula ine," anatero Nuxi, makutu atatentha.

"Umabenthula totiya, timikate tachimanga ta amayi ako," anayankha Kayum, ndipo ngakhale atsikana amene ankayenda kutsogolo anaseka.

Loweruka m'mawa a Bor anakwera galimoto ndi mitolo yawo ya mivi, kukakhala ku Palenque sabata yathunthu. Nuxi sanayerekeze kukhudza miyala ya tok, chifukwa bambo ake ankaidziwa uliwonse pawokha monga thadzi lidziwira anapiye ake. M'malo mwake anakatola botolo lobiriwira kuseri kwa golosale. Anali atamvapo kuti ena amapanga mitu ya mivi ya alendo ndi galasi la pansi pa botolo. A Bor akamva zimenezo ankangolavula n'kunena kuti, "Galasi si mwala," osawonjezerapo kanthu.

Nyanga anaipeza mosavuta. Nsalu ndiyo inali yokoleka kudenga m'khitchini, pamwamba penipeni pa mayi ake amene ankapera chimanga, ndipo kuitenga kukanautsa mafunso. Choncho anakakhala pansi pa mandimu popanda nsalu. Anawononga zidutswa zambiri, anadzicheka chala chachikulu kawiri, koma pomaliza anali ndi mitu itatu yobiriwira, yokongola kwabasi. Zotsalazo anazikankhira mu udzu ndi nsapato, akudziuza kuti adzazitola mawa. Mawa lakelo Chanuk ndi amene anayamba kufikapo.

Madzulo a Lamulungulo Nuxi anazembera kukatola zidutswa zonse zimene anaziona n'kuziponya m'chimbudzi. Chimodzi chinali ndi magazi. Anachiyang'ana n'kupuma mozama. "Ndiye kuti chatsala kunja," anadzilimbitsa mtima. "M'phazi mulibe kanthu. Bala ndi bala basi, kaya la munga kaya la botolo."

Koma Lolemba Chanuk anadzuka akukana kuponda pansi. Nuxi anamubereka mpaka kukachipatala ka m'mudzi, mayi ake akutsatira. Namwino wake, a Ofelia, anali mayi wa kutauni wolankhula mofulumira. Anamasula kansalu, nafinya m'mbali mwa bala, nalowetsamo kachitsulo pang'ono mpaka mwana anakuwa.

"Sindikuona kanthu. Mwati waponda chiyani?"

"Munga," anatero a Koj. "Mchimwene wakeyu ndi amene anauzula."

"Unauona ndi maso ako, mnyamata? Unatuluka wonse?"

"Eya. Wonse."

A Ofelia anapukuta m'manja n'kuyang'ana mayi aja. "Pepani mayi, ndifunseko. Amuna anu si aja amasema miyala? Sangakhale kuti waponda kamwala kawo?"

A Koj anaimika khosi. "Anamwino, bambo a Nuxi akhala akupanga mivi zaka makumi awiri ndili nawo. Sanasiyepo kachibenthu ngakhale kamodzi pabwalo. Pakhomo panga ine ndingayende nditatsinzina."

"Chabwino. Ngati ndi munga ndipo unatuluka, mapiritsi awa akwana. Chikanakhala china ndikanati akwere galimoto ya mawa, akamuunike ku Palenque, chifukwa kuno makina ndilibe."

Nuxi ankayang'ana simenti ya pansi. Mawu anafika pakhosi, koma pomwepo anaona nkhope ya mayi ake, yonyada chifukwa cha amuna awo, ndipo anawameza. Anachita mantha, ndipo ankadziwa bwino kuti anali mantha chabe.

Masiku otsatirawo m'mudzi munalibe mchimwene wabwino ngati Nuxi. Akaweruka kusukulu sankapitanso ku mpira. Ankatunga madzi otsukira bala, ankasendera Chanuk malalanje, ankamunyamula kupita naye kuchimbudzi. Mayi ake anauza mnansi wawo kuti, "Mwanayu wakula tsopano, ali ndi mtima wa bambo ake." Nuxi atamva zimenezo chakudya chinamukanika tsiku limenelo.

Lachitatu phazi linatupa mpaka zala zinaoneka ngati zamira. Chanuk anagona pamphasa thupi likutentha, koma ataona mchimwene wake akumata nthenga pa mivi, anadzutsa mutu.

"Achimwene, imeneyo ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Yokongola. Mukawine Lachisanu, Kayum akachite manyazi. Ine ndikachira mudzandiphunzitse kulasa."

"Atsikana salasa," anatero Nuxi, pofuna kuti aseke.

"Ine ndidzalasa," anayankha, n'kugonanso.

Nuxi anaganiza zoulula tsiku lomwelo. Koma akaulula, mayi ake alanda miviyo, aphunzitsi amva, Kayum amva, ndipo bambo ake sadzamulolanso kuyandikira nyanga. Anadziuza kuti mapiritsi sagwira ntchito tsiku limodzi. Anadziuzanso kuti Lachisanu likangodutsa, ngati phazi silisintha, anena zonse.

Lachinayi balalo linayamba kutuluka mafinya ndi kafungo. A Ofelia anamubaya jakisoni Chanuk, napukusa mutu. "Munga uwu ngwachilendo," anatero. "Tione mpaka Loweruka. Zikapanda kusintha, basi, ku Palenque."

Lachisanu bwalo la sukulu linadzaza. Amayi anayala mikanda ya njere ndi timiphika, abambo anabwera atavala mikanjo yawo yoyera, tsitsi lalitali lili pamapewa. Kumapeto kwa bwalo anaimika thunthu la nthochi, pakati pake atajambulapo bwalo ndi makala. Woweruza anali a Atanasio, malume ake a Nuxi, munthu wachikulire amene anapha nguluwe zambiri ndi uta kuposa ena ndi mfuti.

Muvi wa Kayum unagunda thunthu m'mphepete, mutu wake n'kuguluka chifukwa anamanga molobodoka. Ya anyamata ena inapita kuudzu. Itafika nthawi ya Nuxi, anaponda bwino, nakoka nsinga mpaka pakhutu monga amachitira bambo ake, n'kusiya. Muvi unalira pang'ono n'kukalowa pakati penipeni pa bwalo la makala. Anthu anaomba m'manja. Kayum anangoti kukamwa yasa, ndipo kwa kamphindi Nuxi anaiwala kuti kunyumba kuli wodwala.

A Atanasio anapita kukazula muviwo. Unatuluka wopanda mutu, kunsonga kutatsala ulusi wokha. Anauyang'ana, nayang'ananso mivi iwiri imene inali m'manja mwa Nuxi.

"Bwera kuno, mphwanga. Nanunso anyamata sunthirani pafupi."

Anasolola chikwanje n'kung'amba thunthu lija kutsata njira imene muvi unalowera. Mkati monyowamo munali timadontho tobiriwira, tina pafupi ndi khomo la bala, tina mkati mwenimweni, tina tobisala pakati pa minofu ya nthochi.

"Kumanga wamanga bwino, dzanja ndi la bambo ako," anatero. "Koma ili ndi botolo. Bambo ako sanakuuze chifukwa chimene sitilasira nyama ndi botolo?"

Nuxi anapukusa mutu.

"Mwala wa tok ukathyoka umathyoka pawiri. Umauona, umauchotsa, nyama n'kudya. Botolo limaswa ana. Limalowa limodzi, mkati n'kukhala khumi. Ine ndinadyapo nguluwe imene wina wopanda nzeru analasa ndi botolo, ndinatha mwezi ndikumwa phala lokha." Anthu anaseka. Mkuluyo anatola kachidutswa kamodzi ndi nsonga ya chala n'kukaonetsa. M'madzi a nthochi aja kanali kosaoneka mpaka munthu atasuzumira pafupi. "Apa ndi pa nthochi yoyera. M'magazi simungakaone n'komwe. Mumazula chachikulu n'kumati mwatha, pomwe ana ake atsala mkati akudya mnofu."

Nuxi sanamve zotsalazo. Uta unagwa m'manja mwake. Aphunzitsi ankamuitana kuti adzalandire mphoto, koma iye anali atadutsa kale pachipata, akuthamanga.

Anawapeza a Ofelia akutseka zenera la kachipatala.

"Anamwino, sunali munga."

"Wati chiyani?"

"Chanuk. Anaponda botolo. Ndinaswa ndine, ndimapanga mivi. Sindinayale nsalu. Munga kunalibe, ndinanama."

A Ofelia anamuyang'ana kanthawi kochepa chabe. Sanakalipe, nthawi yake panalibe. "Thamanga kwa mwini golosale, ukamuuze kuti ndikufuna galimoto yake pompano, osati mawa. Ukatero ukandipeze kwanu."

Pamene Nuxi ankafika kunyumba ndi galimoto, namwino anali atawauza kale mayi ake. A Koj ankakulunga Chanuk m'bulangete. Mwanayo ankangobuula, maso ali otseka, ndipo kufiira kwa phazi kunali kutakwera kupitirira kakolo. Nuxi anatambasula manja kuti amunyamule, koma mayi ake anamutchinga ndi phewa n'kumunyamula okha.

"Masiku asanu, Nuxi," anatero motsitsa mawu. "Umanditungira madzi otsukira bala ili, ukudziwa chimene chili mkati. Ine n'kumakuyamikira kwa anthu."

"Amayi, ndimaganiza kuti chinatuluka."

"Ukanalola anamwino aganize. Ntchito yoganizayo inali yawo."

Anakwera, chitseko chinatsekedwa, ndipo galimoto inayamba ulendo wa maola anayi pa msewu wa miyala. Nuxi anatsala ataima pabwalo. Akanakonda akanamumenya.

Anakhala kwa malume ake masiku anayi osamva kanthu kenikeni, kupatula uthenga umodzi wakuti mwana walowa m'chipinda cha opaleshoni. Lachiwiri masana bambo ake anatsika galimoto okha. Mkanjo wawo unali wakuda ndi fumbi, maso ali ofiira. Anapereka moni kwa alamu awo, nati kwa Nuxi, "Tiye kunyumba."

Atafika anakhala pakhonde, ndipo a Bor anatulutsa kabotolo ka mankhwala m'thumba n'kukaika m'dzanja la mwana wawo. Pansi pake panali tizidutswa titatu, chachikulu chake chosaposa njere ya mpunga.

"Phazi alipulumutsa," anatero. "Chala chomaliza achotsa, chinali chitawola. Adokotala akuti akanabwera Lolemba lija akanangotsegula, kuchotsa, n'kusoka. Akuti adzayenda, koma kutsimphina sakudziwa ngati kudzathe."

Nuxi analira ngati mwana wamng'ono, mamina ndi misozi pamodzi. Bambo ake anamusiya alire mpaka atatopa.

"Ndinakuuza kuti galasi si mwala, koma sindinakuuze chifukwa chake. Cholakwa chimenecho ndi changa, ndipo ndachisenza ulendo wonsewu. Kuba nyanga, anyamata amaba, inenso ndinabapo ya agogo ako. Koma nsalu unaidziwa, zaka ziwiri ukuinyamula. Ndipo za munga zija ndi zako wekha."

"Ndikudziwa, ababa."

"Unabenthulira pati?"

M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, anapita naye pansi pa mandimu n'kumuuza kuti agone chafufumimba, tsaya pansi, ayang'ane chakum'mawa. Nuxi anali atatolapo kale zonse zimene ankaziona, koma tsopano, kuwala kukubwera cham'mbali, dothi lonse linkathwanima, apa, apo, mpaka kumpanda wa nkhuku.

A Bor anamupatsa nsalu ija, khasu ndi sefa ya mayi ake yakale. "Upale dothi lonse, usefe, zotsala upite nazo ku m'bawa. Ukaweruka kusukulu ntchito yako ndi imeneyi."

"Ndidzadziwa bwanji kuti ndamaliza?"

"Udzavula nsapato." Anayamba kuchoka, kenaka anatembenuka. "China. Mlongo wako sitinamuuze. Akudziwabe kuti unali munga, ndipo akuuza aliyense m'wodi kuti achimwene ake ndi amene anauzula. Amayi ako amafuna kumuuza, ine ndinawaletsa. Umuuza ndiwe."

Ntchitoyo inamutengera masiku asanu ndi atatu. Nsonga za zala zake zinadzaza timabala. Tsiku lachitatu Kayum anatulukira, manja ali m'thumba, n'kuima pafupi ndi khola.

"Aise, mphoto yako ija aphunzitsi akusungira. Akuti ukatenge."

"Sindikuifuna."

Kayum anakanda m'mutu. "Paja ndinati digiri yako ndi ya zinyalala. Sindimadziwa kuti ufika nayo patali chonchi." Ataona kuti mnzake sakuseka, anagwada n'kugwira mbali ina ya sefa. Anasefa limodzi mpaka dzuwa litapendeka.

Tsiku lomaliza Nuxi anagona pansi m'mawa, nayang'ana chakum'mawa, ndipo sanaone chothwanima. Anavula nsapato. Anayenda kuchoka pa mandimu kukafika kukhola, n'kubwerera, n'kudutsanso chopingasa, akupondetsa phazi lonse ndi mphamvu, mtima uli m'mwamba. Bambo ake ankaonerera ali pangodya ya nyumba. Anangotenga sefa n'kukaikoleka.

Chanuk anabwera patatha sabata ziwiri ndi theka, ataonda, phazi lili m'bandeji, m'manja muli kandodo. Atangoona mchimwene wake nkhope yake inawala. Anakana kulowa m'nyumba. Ankafuna kuona kaye ngati mwanapiye wake uja wakula. Nuxi anamugwira dzanja, ndipo anayenda pang'onopang'ono kuzungulira nyumba, mayi ndi bambo awo atatsala pakhonde. Atafika pamene panayambira dothi lopalidwa, Chanuk anaima n'kufinya dzanja la mchimwene wake.

"Achimwene, minga ija munaichotsa yonse?"

Likanakhala yankho losavuta, ndipo mbali ina likanakhala loona. Nuxi anagwada kuti maso awo alingane.

"Chanuk, sunali munga. Linali botolo. Ndinaswa ndine pamenepa, popanga mivi ija unati ndi yokongola, ndipo sindinatole. Utaponda ndinanamiza amayi ndi anamwino chifukwa ndinkaopa. Ndikananena msanga chala chako sakanachotsa."

Mwanayo anamuyang'ana akuphethira.

"Ndiye munkadziwa?"

"Eya."

"Pamene ndinkalira paja?"

"Eya."

"Ndi pamene munkandisendera malalanje?"

"Ndinkadziwa. Pepa, mlongo wanga."

Chanuk sanalire. Anayang'ana bandeji yake, nayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa kuseri kwa mpanda. Kenaka anasolola dzanja lake m'dzanja la Nuxi, nagwira kandodo ndi manja onse awiri, n'kutembenuka.

"Ndikunyamule?" anafunsa Nuxi.

"Ayi. Ndiyenda ndekha."

Anayamba kubwerera kukhonde akutsimphina, phazi lodwalalo likukwekwereza pang'ono m'dothi. Nuxi anadzuka n'kumutsatira pambuyo, osamukhudza, manja atatambasula chapafupi kuti mwina angagwe. Chanuk sanacheuke mpaka anakafika kwa mayi ake.